Pa Chipale ku Colorado: Kuchoka ku Bear Lake Kukafika ku Emerald Lake

Lolemba, ku Estes Park

Tafika m'tauni ya Estes Park, m'chigawo cha Colorado ku United States, masana ano kuchokera ku Denver. Msewu wake ndi US 36 wodzera ku Boulder ndi ku Lyons, mtunda woposa pang'ono makilomita 100, ndipo ukakhala wouma galimoto imatenga ola limodzi ndi theka. Kuno ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, pakatikati pa nyengo yachisanu. Chimene tadzera ndi ulendo wa tsiku limodzi, woyenda pa chipale ndi zopondera zotchedwa snowshoe, wokaona tinyanja tinayi ta m'nkhalango yotetezedwa ya Rocky Mountain National Park: Bear Lake, Nymph Lake, Dream Lake ndi Emerald Lake. Kupita ndi kubwera sikukwana n'komwe makilomita 6, ndipo kufupikako n'kumene kumapusitsa anthu ambiri.

Lero sitikwera phiri, ndipo tachita dala. Denver ili pa mamita 1,609 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Estes Park ili pa mamita pafupifupi 2,290, Bear Lake pomwe ulendo umayambira ili pa 2,890, pamene Emerald Lake ili pa 3,080. Amene anakwerapo phiri la Mulanje akudziwa kuti nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti munthu akaima m'mphepete mwa Dream Lake wapitirira kale Sapitwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Sapitwa umafika ndi miyendo, thupi likuzolowera pang'onopang'ono, pamene kuno galimoto imakutula pamwamba m'mphindi 30 zokha.

Pa mamita 3,000 mpweya umakhala wopepuka, moti kupuma kamodzi kumabweretsa pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a okosijeni amene munthu amapeza kugombe la nyanja yamchere. Amene wakwera mothamanga amayamba kumva mutu, nseru, chizungulire, njala kutha ndi tulo tosagoneka. Mankhwala ake oyamba ndi nthawi. Gonani usiku umodzi kapena uwiri ku Estes Park musanakwere, imwani madzi ambiri chifukwa mpweya wa kuno ndi wouma kwambiri, ndipo mowa uyambe wadikira. Mutu ukapitirira kuwawa mpaka kusanza, kapena munthu akayamba kudzandira ndi kulankhula zosalongosoka, palibenso zokambirana. Atsike.

Madzulo tinadutsa ku Beaver Meadows Visitor Center, ofesi ya alendo yomwe ili pafupi ndi chipata, kukafunsa za njira. Safunsa anadya phula. Alonda a nkhalangoyi ndi amene amadziwa kuti chipale chagwa chochuluka bwanji sabata ino, msewu wa Bear Lake wapalidwa kapena ayi, ndiponso ngati magalimoto opanda matayala a m'chipale akuloledwa. Pachipata amalipiritsa ndi khadi, ndalama zapamanja salandira. Chiphaso cholowera pa ola loikika, chomwe chimafunika miyezi yotentha, nyengo ino sichifunika. Mabasi onyamula alendo kupita ku Bear Lake nawonso sayenda m'chisanu, choncho galimoto yanu ndiyo zonse. Agalu saloledwa m'njira za m'nkhalangoyi nyengo ina iliyonse.

Lachiwiri, tsiku la zida

Snowshoe si nsapato kwenikweni. Ndi chopondera chachitali, chotambalala, chomwe mumamangirira kunsi kwa nsapato yanu kuti kulemera kwa thupi kumwazike pamalo aakulu. Popanda icho, pa chipale chofewa mwendo umatitimira mpaka m'bondo kapena m'ntchafu pa phazi lililonse, ndipo mamita 200 okha amatha munthu mphamvu zonse. Ku Estes Park kuli masitolo angapo obwereketsa zida zimenezi pa tsiku, pamodzi ndi ndodo.

Mukalandira snowshoe, itembenuzeni muione bwinobwino musanatuluke m'sitolo. Ili ndi chimango cha aluminiyamu kapena pulasitiki yolimba, ndipo pakati pake pamakhala chikopa chopangidwa kufakitale chomwe chimayandamitsa phazi. Pamwamba pali malamba omangira nsapato, awiri kapena atatu pa phazi ndi limodzi lozungulira chidendene. Kunsi, pansi pa zala, kuli mano achitsulo oluma chipale cholimba, ndipo zabwino zimakhalanso ndi mizere ya mano m'mbali yoletsa kuterereka chammbali. Chomaliza ndi kawaya ka pansi pa chidendene komwe mumakaimika pokwera chitunda kuti katumba asatope. Pa ulendo wa ku Emerald Lake, pemphani zokhala ndi kawayako ndi mano a m'mbali. Zopangidwira malo athyathyathya zimavutitsa pa chitunda chomaliza.

Kukula kwake amayeza m'mainchesi, ndipo zofala ndi 22, 25 ndi 30. Posankha amawerengera kulemera kwa munthu pamodzi ndi chikwama ndi zovala zake, osati thupi lokha. Munthu wa makilogalamu 65 wonyamula chikwama cha makilogalamu 7 zimamukwana za 22. Wolemera kufika cha m'ma 90 atenge za 25. Koma pali china chimene ambiri sachiganizira: njira ya ku Emerald Lake imapondedwa ndi anthu ambiri, motero zazifupi zimayendeka bwino kuposa zazitali. Za 30 zimathandiza pa chipale chatsopano chakuya chosapondedwa, koma panjira yopapatiza zimapondana ndi kugwetsa mwini wake.

Tinapita kukaziyesa ku Sprague Lake, kanyanja ka m'mbali mwa msewu womwewo wa ku Bear Lake, komwe njira yake ndi yathyathyathya ndipo imazungulira mtunda woposa pang'ono kilomita imodzi. Kumanga kwake kuli motere. Chikhatho cha phazi chikhale pamwamba penipeni pa mano achitsulo, pomwe snowshoe imapindikira. Yambani ndi lamba wa kuzala, kenako wa kuchidendene, mumalize ndi wa pamwamba pa phazi. Zomangira zake ziyang'ane kunja, kuti zisamakolane pakati pa miyendo. Mangani mothina moti phazi lisagwedere, koma osafinya, chifukwa lamba wothina kwambiri amatseka magazi ndipo zala zimayamba kuzizira pasanathe theka la ola. Yesani kumanga ndi kumasula mutavala magolovesi. Kumtunda kuja simudzafuna kutulutsa dzanja panja.

Kuyenda kwake sikovuta. Miyendo itangadze pang'ono kuposa masiku onse, phazi likwezeke pang'ono, ndipo mchira wa snowshoe uzikhwekhwereza kumbuyo. Chosatheka ndi kubwerera chambuyo, chifukwa mchira umazika m'chipale ndipo munthu amagwa chagada. Pofuna kutembenuka, zungulirani pang'onopang'ono. Mukagwa m'chipale chakuya, musalimbane nacho ndi manja chifukwa amangolowa. Pingasani ndodo ziwiri patsogolo panu ngati mtanda, gwirani pakati pake, kokerani mawondo pansi pa thupi, kenako dzukani. Ndodozo zikhale ndi timbale tatikulu kumapeto kwake. Zopanda timbale zimalowa mpaka kuchigwiriro ndipo sizithandiza kanthu.

Tinabwerekanso ma microspikes, timatcheni ta mano aafupi tovala kunsi kwa nsapato. Pakapita masiku angapo chipale chisanagwe, njira imalimba ngati simenti ndipo timatchenito ndi timene timagwira ntchito, snowshoe n'kukhala katundu pamsana. Chipale chikangogwa kapena mphepo ikachiunjika panjira, zinthu zimatembenuka. Tengani zonse ziwiri.

Nkhani ya zovala ndiyo yaikulu kuposa zonsezi. Mdani weniweni pa ulendo uno si chipale ayi, koma thukuta. Munthu akamakwera amatentha, malaya amanyowa, ndipo akangoima pamphepo chinyezicho chimayamwa kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake thonje ndi loletsedwa: jinzi, malaya a thonje, masokosi a thonje, ngakhale chovala cham'kati cha thonje. Thonje likanyowa siliuma msanga. Pakhungu valani chaubweya wa nkhosa kapena cha poliyesitala chomwe chimatulutsa chinyezi. Pamwamba pake juzi yopepuka ya fleece, ndipo kunja jekete yotchinga mphepo yokhala ndi chipewa chake. M'chikwama musunge jekete ina yokhuthala, ya nthenga kapena yofanana nayo, yovala mukaima basi. Kumiyendo, buluku lam'kati lothina ndi buluku lotchinga mphepo. Nsapato zikhale zosalowa madzi, zofika m'kakolo, zotakasuka moti zala zizitha kugwedera mutavala masokosi aubweya. Masokosi awiri m'nsapato yothina amazizira kuposa sokosi imodzi m'nsapato yotakasuka. Pamwamba pa nsapato pamafunika ma gaiters, zokutira zochokera pa nsapato kufika m'munsi mwa bondo, zoletsa chipale kulowa. Magolovesi akhale mapeya awiri, opyapyala am'kati ndi okhuthala akunja, ndipo osagawa zala amafunda kuposa ogawa zala.

Chikwama cha munthu aliyense usiku uno chili ndi madzi malita awiri, fulasiki ya tiyi wa shuga, chakudya, jekete yokhuthala, magolovesi ndi masokosi apadera m'pepala la pulasitiki, tochi ya pamphumi, mapu a pepala, wenzulo, kansalu kophimba kumaso ndi khosi, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, kabokosi ka mankhwala, ndi kachidutswa ka siponji yolimba yokhalira. Pagulu pali tepi yolimba ndi timalamba tapulasitiki tokonzera lamba wa snowshoe akaduka.

Lachitatu, mphepo

Sitinapite. Olosera zanyengo anachenjeza za mphepo yamphamvu kumtunda, ndipo m'mawa poyang'ana kumadzulo nsonga za mapiri zinali kufuka chipale ngati utsi. Chimenecho ndi chizindikiro chosanama. Kumwamba kungayere bwanji, nsonga zikamafuka ndiye kuti ku Dream Lake sikuimika munthu.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka malowa. Tinyanjati tili kummawa kwa Continental Divide, msana wa mapiri womwe umagawa madzi a kontinenti ino, ena kupita ku Pacific ena ku Atlantic. Mphepo yochokera kumadzulo ikadumpha msanawo imatsikira m'chigwa chopapatiza cha Tyndall Gorge, ndipo Emerald Lake ndi Dream Lake zili m'kamwa mwake mwenimweni. Kukazizira madigiri 10 pansi pa ziro, mphepo ya makilomita 50 pa ola imachititsa khungu kumva ngati ndi madigiri pafupifupi 22 pansi pa ziro. Kuzizira kwa pakhungu kukafika cha m'ma 28 pansi pa ziro, mphuno, masaya ndi makutu zosaphimbidwa zimatha kuuma ndi chisanu m'theka la ola.

Tsikuli tinalithera pa lipoti la Colorado Avalanche Information Center, bungwe lomwe limalengeza tsiku ndi tsiku za ngozi ya kugumuka kwa chipale. Limagwiritsa ntchito milingo isanu, kuyambira 1 wotsika kufika 5 woopsa kwambiri, ndipo limanena padera za m'nkhalango, za m'malire a mitengo ndi za pamwamba popanda mitengo. Colorado ndi chigawo chomwe chataya anthu ambiri pa ngozi zoterezi kuposa china chilichonse ku United States. Chipale cha kuno chimagwa chochepa kumayambiriro kwa nyengo, kuzizira kumachisandutsa tinjere tonga shuga tosagwirana, kenako mphepo imaunjika chikhokho cholimba pamwamba pake. Munthu akaponda pamalo ofooka, chikhokho chonsecho chimang'ambika n'kutsetsereka pa shugayo. Zimachitika kwambiri pa zitunda zotsetsereka pakati pa madigiri 30 ndi 45. Simufunika kukhala pa chitundacho kuti chikupezeni. Kuima m'munsi mwake n'kokwanira.

Mphepo ya lero ikutanthauza kuti mawa zitunda zoyang'ana kummawa zidzakhala zolemedwa ndi chipale chounjikidwa. Tagwirizana kuti tikathera kugombe la kummawa la Emerald Lake, osapitirira, ndiponso kuti 12 koloko masana ikakwana tikubwerera, tafika kapena sitinafike.

Lachinayi, ulendo weniweni

Tinanyamuka ku Estes Park 6:30 m'mawa. Kuchokera pachipata cha Beaver Meadows kukafika ku Bear Lake ndi makilomita pafupifupi 15 a msewu wokhotakhota, wopalidwa koma woterera m'malo amthunzi. Mphoyo zazikulu za kuno, zomwe amati elk, zimadya m'dambo la Moraine Park ndipo zimawoloka msewu mosayang'ana, choncho liwiro lichepe. Tinapeza malo oimika galimoto ali mbee. Loweruka ndi Lamulungu amadzaza dzuwa lisanakwere kwenikweni. Pali zimbudzi pamenepo, koma madzi akumwa bwerani nawo. Netiweki ya foni ndi yosadalirika, motero uthenga wouza wina kumene mukupita ndi ola lobwerera utumizidwe mukadali m'tauni.

Choyezera cha m'galimoto chinkaonetsa madigiri 12 pansi pa ziro, mphepo itagona. Lamulo loyambira ndi lovuta kulimvera: yambani mukumva kuzizira pang'ono. Jekete yokhuthala ilowe m'chikwama musanaponde njira. Amene amanyamuka atafunda bwino amakhala atanyowa ndi thukuta asanafike ku Nymph Lake.

Bear Lake ili mamita ochepa chabe kuchokera pamalo oimika magalimoto, ndipo ndi bwino kuisuzumira kaye kuti muone nkhope ya phiri la Hallett Peak ikulandira dzuwa loyamba. Njira ya ku Nymph Lake imapatukira kumanzere musanafike panyanjayo. Pali mphambano ina pafupi pomwepo yotsikira ku Alberta Falls ndi Glacier Gorge. Werengani chikwangwani, chifukwa mapazi a anthu amapita mbali zonse ziwiri.

Chipale chomwe mphepo ya dzulo inaunjika chinali chitakwirira njira m'malo ambiri, choncho tinavala ma snowshoe kuyambira pachiyambi. Gawo loyambali ndi mamita 800, lokwera pang'onopang'ono m'nkhalango ya mapaini, ndipo limatenga mphindi 20 mpaka 25. Liwiro loyenera ndi loti muzitha kulankhula chiganizo chathunthu osachita befu. Patatha mphindi 10, aliyense aime aone malamba ake. Pulasitiki ndi labala zikazizira ndiponso chipale chikakhazikika pansi pa nsapato, malamba amakhwepa. Snowshoe ya mmodzi pagulu inavuka pomwepa, ndipo vuto linali lamba wa kuchidendene amene anatsikira kunsi kwa nsapato. Malo ake ndi pamwamba pa mphako ya chidendene, osati pa labala la pansi.

Nymph Lake ndi kakang'ono, pa mamita pafupifupi 2,960. Miyezi yotentha kamadzaza ndi maluwa a m'madzi, koma lero kanali bwalo loyera lozunguliridwa ndi mitengo. Apa m'pamene njira ya m'chisanu imayamba kusiyana ndi ya m'chilimwe, ndipo m'pamene anthu amasokera. Njira ya m'chilimwe imazungulira kumpoto n'kukwera m'mbali mwa chitunda chotsetsereka, pomwe pamaoneka bwino Longs Peak, phiri lalitali kuposa onse m'nkhalangoyi, la mamita 4,346. Pamenepo chipale chikaunjikana njira imapendekeka, ndipo snowshoe siikonda malo opendekeka chifukwa imapotokola kakolo. Podutsa malo otero, pondani mwamphamvu ndi mbali ya kumtunda kuti mupange kashelefu, fupikitsani ndodo ya kumtunda, talikitsani ya kumunsi, ndipo dutsani mmodzimmodzi. Palinso mapazi ena otsata khwawa. Musatsatire mapazi chifukwa chongoti alipo. Ena ndi a anthu otsetsereka pa ma ski opita kumakwawa a pamwamba, ena ndi a wosokera wa dzulo. Tulutsani mapu.

Mitengo ing'onoing'ono ndi miyala yokwiririka zimasiya mphako pansi pa chipale. Pafupi ndi tsinde la mtengo wa nthambi zotsika pamakhala dzenje lofewa lomwe limameza mwendo wonse. Yendani motalikirana ndi matsinde.

Tinafika ku Dream Lake patatha ola limodzi ndi mphindi zochepa, makilomita 1.8 kuchokera poyambira, pa mamita pafupifupi 3,020. Musanatuluke m'mitengo, imani muvale jekete yotchinga mphepo, kokani chipewa, phimbani kumaso. Mukadikira kuti mphepo iyambe yakumenyani, zala zimakhala zitauma kale ndipo zipi imakanika. Ngakhale tsiku labata ngati lero, pakamwa pa nyanjayi mphepo inali kuwomba ndithu, ikukwekweza tinjere ta chipale pamwamba pa ayezi ngati mchenga.

Nyanjayi ndi yaitali, yopapatiza, yoloza kumadzulo, ndipo kumapeto kwake Hallett Peak ya mamita 3,875 yaima kumanzere ngati khoma lodulidwa ndi nkhwangwa, pamene nsonga zosongoka za m'mbali mwa Flattop Mountain zili kumanja. Mphepo imasesa chipale pakati pa nyanja n'kusiya ayezi poyera. Gwadani muyang'ane pansi. Ayeziyo ndi wakuda mobiriwira, muli timathovu ta mpweya toundana tosanjikizana ngati mikanda, ndi ming'alu yoyera yotsika mozama, yomwe imakuonetsani kuchindikala kwake. M'malo ena pamwamba pake pali timizere tonga mafunde. Pamiyala ya kugombe pali mapaini opotoka, nthambi zonse zitaloza kummawa, makungwa a mbali ya mphepo atapalika mpaka kuyera.

M'chisanu anthu ambiri amadutsa pamwamba pa nyanjayi, koma palibe amene amakutsimikizirani kuti ayezi ndi wolimba. Muyeso wodziwika ndi wakuti ayezi woyera bwino, woonekera mkati, wochindikala masentimita 10 amanyamula munthu woyenda pansi, pamene wotuwa wosakanikirana ndi chipale ndi wofooka kwambiri. Malo oopsa ndi polowera ndi potulukira madzi, chifukwa pansi pake mtsinje umayendabe, komanso pafupi ndi miyala ndi zipika zomwe zimatentha ndi dzuwa. Potulukira madzi a Dream Lake ndi kummawa komwe mumafikirako, choncho lowerani panyanja chammbali, osati pakamwa penipeni. Siyanani mamita angapo, masulani lamba wa pachifuwa ndi wa m'chiuno wa chikwama, ndipo tulutsani manja m'zingwe za ndodo. Amene mtima sukumulola atsate gombe la kumpoto, komwe kumadutsa njira ya m'chilimwe. Pa ayezi wopanda chipale, snowshoe imaluma ndi mano a kutsogolo okha, mchira n'kumaterereka, motero pondani phazi lonse mwakamodzi ndi masitepe aafupi.

Apa m'pamene madzi a mmodzi wa ife anatsekeka. Anali m'thumba la madzi lokhala ndi kapaipi koyamwira, ndipo kapaipiko kanaundana. Zimachitika nthawi zonse. Botolo la kukamwa kwakukulu ndilo labwino, lodzazidwa ndi madzi ofunda, lovekedwa sokosi, loikidwa chozondoka m'kati mwa chikwama. Madzi amayamba kuundana pamwamba, ndiye botolo likazondoka ayezi amapangika kutako, chivindikiro n'kumatsegukabe. Foni nayo ikhale m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi. Batire ikazizira imagwa kuchoka pa theka kufika pa ziro mosachenjeza, ndipo ikafunda imadzukanso.

Kuchoka kumapeto kwa Dream Lake kukafika ku Emerald Lake ndiye chitunda chenicheni. Masitepe a m'chilimwe amakhala atakwiririka, ndipo njira imakwera molunjika pakati pa matanthwe ndi mitengo. Imikani kawaya ka kuchidendene ndi nsonga ya ndodo, ponyani zala m'chipale kuti mano alume, ndipo thupi likhale chilili pamwamba pa mapazi. Amene amaweramira kutsogolo kwambiri amachotsa kulemera pa mano n'kuterereka. Mpweya ukachepa, pondani, limbitsani bondo la kumbuyo, pumani kamodzi, pondaninso. Kuyenda pang'onopang'ono osaima kumafunditsa bwino kuposa kuthamanga n'kumaima. Tsegulani zipi ndi kuvula chipewa mukangomva kutentha, thukuta lisanayambe.

Tinafika ku Emerald Lake cha m'ma 10 koloko, makilomita 2.9 kuchokera poyambira, titakwera mamita pafupifupi 200. Nyanjayi ili m'chibeseni cha miyala, makoma atatu ataizinga, ndipo kumtunda kwa chigwacho kuli chimulu cha ayezi chotchedwa Tyndall Glacier. Kutsidya, m'mbali mwa Flattop Mountain, kukuoneka makwawa aatali odzaza chipale, limodzi mwa iwo ndi lotchuka la Dragon's Tail, lomwe akatswiri a ma ski amatsikamo. Chipale chikagumuka m'makwawa amenewo chimathera kumunsi kwake, kufupi ndi nyanja. Amene alibe zida zofufuzira wokwiririka ndi maphunziro ake athere kugombe la kummawa. Zooneka zonse zili pomwepo.

Chinthu choyamba pofika si kamera. Ndi jekete yokhuthala, yovala pamwamba pa zonse, thupi likadali lotentha. Kenako pezani kuseri kwa thanthwe, khalani pa siponji osati pa chipale, imwani tiyi ndi kudya. Chakudya chikhale chosauma gwa ndi kuzizira: mtedza, zoumba, tchizi, buledi wopaka chiponde, chokoleti choduladula kale. Nthochi imada n'kuphwanyika, ndipo maswiti otafuna amalimba moti angathyole dzino. Mbalame zotuwa za mtundu wa jay zimatera pafupi kwambiri kudikira nyenyeswa. Kuzidyetsa n'koletsedwa ndi malamulo a nkhalangoyi. Mphindi 15 kapena 20 zakwana. Yang'ananani kumaso. Kadontho koyera ngati kandulo pa mphuno kapena patsaya ndi chiyambi cha kuuma kwa khungu, ndipo mwini wake sakamva. Kafunditseni ndi chikhatho chofunda, osatikita, osapakapo chipale. Amene akunjenjemera mosaleka, akugwetsa zinthu, akuyankha mochedwa, thupi lake layamba kuzizira mkati. Mumuveke zouma, amwe zotentha za shuga, ndipo gulu lonse litsike naye.

Potsika m'pamene ambiri amagwa. Gwetsani kawaya ka kuchidendene musanayambe, talikitsani ndodo masentimita 5 kapena 10, pindani mawondo, ndipo kulemera kukhale pakati pa phazi. Mukatsamira kumbuyo, mchira wa snowshoe umasanduka chotsetserekera. Pa njira yopapatiza mverani za kumbuyo, chifukwa a ma ski amatsika mofulumira ndipo kuima kumawavuta. Patukani msanga. Pomwe pali mizere iwiri ya ma ski, yendani pambali pake kuti musaiwononge.

Dzuwa litakwera, m'malo otsika chipale chinafewa n'kuyamba kumata kunsi kwa mano achitsulo, mpaka kupanga chibuma chonga mpira chomwe chimalepheretsa mano kuluma. Menyani chimango ndi ndodo chibumacho chigwe. Magalasi a dzuwa asachoke kumaso ngakhale kuli mitambo. Chipale chatsopano chimabweza gawo lalikulu la cheza cha dzuwa, mpaka magawo 8 mwa 10, ndipo maso akapsa ululu wake umabwera madzulo, ngati muli mchenga. Mafuta a dzuwa pakani ndi kunsi kwa mphuno ndi kwa chibwano, chifukwa kuwala kumachokera pansi.

Tinafika pagalimoto 12:30. Ulendo wonse unatenga maola asanu, kuphatikizapo kupuma. Dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko mwezi uno, koma m'chigwa muja mthunzi wa Hallett Peak umafika kale kwambiri, ndipo ukafika kuzizira kumakula nthawi yomweyo. Tinakumana ndi anthu akuyamba kukwera nthawi imeneyo, ena atavala nsapato zothamangira ndi jinzi, m'manja mulibe kanthu.

Lachisanu, kuyanika ndi kubweza

Zida zonse zinagona zitayanikidwa. Chotsani zopondera za m'kati mwa nsapato, lowetsanimo manyuzipepala, ndipo musaziike pa chotenthetsera m'nyumba chifukwa guluu amasungunuka ndipo chikopa chimang'aluka. Ma snowshoe agwedezeni, apukuteni mano kuti asachite dzimbiri, ndipo onani malamba ngati ali ndi ming'alu musanabweze. Ndodo zolowetsana zisololeni ziume, apo ayi madzi otsalira amadzaundana mkati ulendo wina ndipo loko wake sagwira.

Kuwawa kwa lero kuli m'chiuno ndi m'mphechepeche, chifukwa cha kuyenda motangadza, ndipo kumatha m'masiku awiri. Matuza a kuchidendene amabwera lamba akamalola nsapato kukwera ndi kutsika. Pomwe payamba kutentha pamatidwe pulasitala nthawi yomweyo, panjira pomwepo.

Amene akufuna ulendo wachiwiri ali ndi zosankha pafupi. Njira za ku nyanja za Mills Lake ndi The Loch zimayambira ku Glacier Gorge, pamsewu womwewu musanafike ku Bear Lake, ndipo iliyonse ndi makilomita pakati pa 4 ndi 5 kupita kokha, choncho zimafuna tsiku lathunthu ndi kunyamuka mbandakucha. Lake Haiyaha, yomwe madzi ake anasintha mtundu kukhala obiriwira motuwa miyala itagumuka pa Hallett Peak mu Juni 2022, ili ndi mphambano yake pafupi ndi Dream Lake, koma njira yake ya m'chilimwe imadutsa pa chitunda chomwe chipale chimagumuka, ndiye siyoyenera oyamba kumene. Amene sanavalepo snowshoe angayambe ndi maulendo aafupi omwe alonda a nkhalangoyi amatsogolera miyezi yachisanu. Amafuna kulembetsa pasadakhale, ndipo mbali ino ya Estes Park ma snowshoe mumabwera nawo nokha.